Mlomo ukamanjenjemera wokha: chimayambitsa n'chiyani, nanga ndi liti pamene munthu ayenera kuthamangira kuchipatala?

BENGA, MOATIZE – Zimayamba mwakachetechete. Munthu ali phee, mwina akudikira chapa pamsewu, mwina wangoweruka kumene kumgodi, kenaka amangomva kachigawo ka mlomo kakugwedera kokha ngati pali kachilombo kakuyenda pansi pa khungu. Akagwirapo ndi chala kamaleka, akachotsa chala kamayambiranso. Amene ali naye pafupi nthawi zambiri saona kanthu, koma mwini wakeyo amamva ngati nkhope yonse ikuvina.

Kumudzi omasulira sasowa. Ena amati pali amene akukunena kumbali, ena amati udya nyama, ena amati kukubwera mkangano kapena uthenga wa maliro. Kuchipatala nkhaniyi imaonedwa mwa njira ina. Nthawi zambiri kunjenjemera kwa mlomo si matenda, ndipo kumatha kokha pakapita maola kapena masiku owerengeka. Komabe pali nthawi zina zochepa pamene kugwedera kwakung'ono komweko kumakhala chizindikiro choyamba cha vuto lotha kupha munthu tsiku lomwelo. Chofunika n'kudziwa kusiyanitsa.

Chimachitika n'chiyani m'kati mwa mlomo

Mlomo wazunguliridwa ndi mnofu wonga mkombero, umene umagwira ntchito munthu akamalankhula, kuyamwa, kuimba mluzu kapena kutseka pakamwa. Mnofu umenewu suyenda wokha. Umalamulidwa ndi mtsempha wotumiza uthenga umene umachokera m'munsi mwa ubongo, n'kudutsa m'fupa la kuseri kwa khutu, kenaka n'kugawika nthambi zopita pamphumi, m'zikope, m'masaya ndi m'milomo. Pa magulu 12 a mitsempha yotuluka mu ubongo, uwu ndi wa nambala 7, ndipo ulipo uwiri: wina wa kumanja, wina wa kumanzere.

Uthenga umayenda mu mtsemphawu ngati moto wa magetsi wochepa kwambiri. Kuti uyende bwino, m'magazi muyenera kukhala mchere wa m'thupi wokwanira, makamaka potaziyamu, kashiamu ndi maginiziyamu. Mtsempha ukatopa, ukasokonezedwa ndi mankhwala, ukapanikizika, kapena mchere uja ukaperewera, umayamba kutumiza uthenga umene mwini wake sadautume. Timinofu tochepa timakokeka n'kumasuka, kukokeka n'kumasuka. Ndicho chimene munthu amamva ngati kuvina kwa mlomo. Ndi zomwezonso zimachitika chikope chikamagwedera.

Tulo, khofi ndi zakumwa zoletsa kugona

Pa zifukwa zonse, zofala kwambiri ndi kutopa, kusagona mokwanira ndi kumwa zinthu zoletsa tulo. Kudera lino zitatuzi zimayendera limodzi. Kuchokera pamene migodi ikuluikulu ya malasha idatsegulidwa, wa Moatize mu 2011 ndi wa Benga mu 2012, anthu ambiri amagwira ntchito mosinthana usana ndi usiku. Pamsewu wa N7, umene umachoka ku Tete kudutsa Moatize mpaka kuchipata cha Zóbuè, oyendetsa malole amagona m'galimoto podikira mapepala, ena amayendetsa usiku wonse. Alonda, oyendetsa txopela ndi ana a sukulu okonzekera mayeso nawonso amalimbana ndi tulo.

Chimene ambiri amathamangira ndi khofi, tiyi wamphamvu, zakumwa za kola ndi zakumwa za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu. Zonsezi zili ndi kafeini, amene amachititsa mitsempha kukhala yotakasuka mopitirira. Bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku United States limati munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu pafupifupi 400 a kafeini pa tsiku, amene ndi ngati makapu anayi a khofi. Chitini chaching'ono cha mamililita 250 cha chakumwa chopatsa mphamvu chimakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 80, ndipo zitini zikuluzikulu zimakhala ndi ochuluka kuposa apo. Munthu amene wamwa zitini zitatu zikuluzikulu, n'kuwonjezerapo khofi ndi fodya, asadabwe mlomo ndi manja zikamanjenjemera, mtima n'kumagunda mothamanga.

Mankhwala ake apa sagulidwa. Ndi kugona maola 7 kapena 8, ndi kuchepetsa zakumwazo pang'onopang'ono, chifukwa kusiya kamodzin'kamodzi kumabweretsa mutu waukulu kwa masiku angapo. Kwa woyendetsa galimoto, mlomo kapena chikope chogwedera ndi chenjezo loti thupi lafika pamapeto, ndipo ngozi yeniyeni si mlomowo koma kusinza pa chiwongolero.

Nkhawa nayo imachita zomwezi. Ngongole, maliro, mkangano wa m'banja kapena mantha ochotsedwa ntchito zimachititsa thupi kukhala chire nthawi zonse. Munthu wogwidwa ndi mantha aakulu akamapuma mofulumira kwambiri, milomo ndi zala zimachita dzanzi, ndipo nthawi zina zala zimapindika. Akakhala pansi n'kuyamba kupuma pang'onopang'ono, zimatha.

Dzuwa la ku Tete, thukuta ndi kutsegula m'mimba

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40. Wogwira ntchito padzuwa, kaya kumgodi, kudimba, koumba njerwa kapena kootcha makala, amataya madzi ambiri ndi mchere kudzera m'thukuta. Kutsegula m'mimba ndi kusanza kumachotsa potaziyamu ndi maginiziyamu mofulumira kuposa thukuta. Zotsatira zake ndi kufooka, kukokana kwa minofu ya m'miyendo usiku, ndi kugwedera kwa minofu ya kumaso.

Wotsegula m'mimba amafunika madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi amene amaperekedwa kuchipatala, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi aukhondo. Kwa ena onse, chakudya cha masiku onse chimakwanira ngati chili chosiyanasiyana. Nthochi, mbatata, nyemba, nkhwani ndi malambe zili ndi potaziyamu. Mtedza, nyemba ndi ufa wa mgaiwa zili ndi maginiziyamu. Kapenta wa ku Cahora Bassa, amene amadyedwa ndi minga yake yomwe, ali ndi kashiamu wambiri. Mapilitsi a potaziyamu asagulidwe mwachisawawa, chifukwa potaziyamu akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima, makamaka kwa amene impso zawo sizikugwira bwino ntchito.

Kuperewera kwa kashiamu kuli ndi chizindikiro chakechake: dzanzi lozungulira pakamwa ndi m'nsonga za zala, limodzi ndi kukokana kwa manja. Mu 1876 dokotala wina wa ku Vienna, František Chvostek, adafotokoza kuti akagogoda pang'ono tsaya la wodwala wotere kutsogolo kwa khutu, mlomo umagwedezeka. Madokotala amayesabe motero mpaka lero, ngakhale kuti chotsimikizira chenicheni ndi kuyeza magazi. Amene achitidwa opaleshoni ya chithokomiro posachedwa ayenera kusamala kwambiri ndi chizindikirochi, ndipo akachiona abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Shuga akatsika kwambiri m'magazi, milomo imachita dzanzi, thupi limanjenjemera ndipo thukuta lozizira limatuluka. Izi zimachitikira kwambiri odwala matenda a shuga amene amwa mankhwala kapena kubaya jakisoni wa insulini koma osadya. Ngati akutha kumeza, apatsidwe madzi a shuga msanga.

Mowa ndi mankhwala a kuchipatala

Womwa mowa tsiku ndi tsiku, makamaka kachasu, amataya maginiziyamu wambiri mumkodzo ndipo kawirikawiri sadya mokwanira. Akasiya mwadzidzidzi, manja, lilime ndi milomo zimayamba kunjenjemera pakangopita maola ochepa. Kwa ena zimafika pokomoka kapena kuona zinthu zimene palibe m'masiku awiri kapena atatu oyamba. N'chifukwa chake chidakwa chofuna kusiya mowa chiyenera kutero mothandizidwa ndi achipatala.

Mankhwala ena nawonso amagwedeza milomo. Haloperidol ndi chlorpromazine, amene amaperekedwa kwa odwala matenda a maganizo, komanso metoclopramide woletsa kusanza, angachititse munthu kumangotafuna, kutulutsa lilime kapena kumenyetsa milomo osafuna. Salbutamol wa mphumu amanjenjemeretsa manja. Mankhwala okodzetsa a matenda othamanga magazi, monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, amatsitsa potaziyamu. Lamulo lake ndi limodzi: wodwala asasiye mankhwala payekha. Atenge mapaketi onse, apite nawo kwa amene adamulembera, afotokoze tsiku limene kugwederako kudayamba. Kusiya mankhwala a maganizo, a khunyu kapena a tensão mwadzidzidzi n'koopsa kuposa mlomo wogwedera.

Mankhwala a m'munda ndi a m'nkhokwe

Alimi a fodya, thonje, tomato ndi ndiwo zamasamba, komanso amene amathira mankhwala m'chimanga chosunga, ali ndi chifukwa china chofunika kuchidziwa. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amapha posokoneza mitsempha, ndipo akalowa m'thupi la munthu kudzera pakhungu, m'mphuno kapena m'kamwa, amachita chimodzimodzi. Minofu ya kumaso ndi lilime imayamba kugwedera, malovu ndi misozi zimatuluka zambiri, thukuta limachita kuyenderera, kadontho kakuda ka m'diso kamachepa kwambiri, munthu amasanza, kutsegula m'mimba ndi kubanika.

Zikatero palibe kudikira. Wodwalayo achotsedwe pamalopo, avulidwe zovala zimene zanyowa ndi mankhwala, asambitsidwe ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo atengeredwe kuchipatala limodzi ndi botolo kapena paketi ya mankhwalawo kuti achipatala adziwe chimene akulimbana nacho. Asamwetsedwe mkaka, mafuta kapena madzi a mchere kuti asanze. Mankhwala othana ndi poizoni wa mtunduwu, otchedwa atropine, amaperekedwa kuchipatala kokha.

Ululu wa njoka zina ndi wa zinkhanira zikuluzikulu umayambanso ndi dzanzi m'milomo ndi kugwedera kwa minofu, kenaka kulephera kumeza ndi kupuma. Wolumidwa amene wayamba kumva zimenezi afulumizidwe kuchipatala, osayamba wadikira kutema mphini.

Nkhope ikapotoka: trombose kapena mtsempha wa kumaso?

Apa ndi pamene mabanja ambiri amataya nthawi. Munthu wadzuka m'mawa, mlomo wapendekera mbali imodzi, madzi akutayika akamamwa. Ena amati wamenyedwa mbama ndi afiti usiku, ena amati wamenyedwa ndi hamala. Pali matenda awiri osiyana amene amaoneka motere.

Oyamba ndi kufa kwa mtsempha wa kumaso, matenda amene amadziwika ndi dzina la Charles Bell, dokotala wa ku Scotland amene adafotokoza ntchito ya mtsemphawu mu 1821. Mtsempha umatupa m'kati mwa fupa lothina limene umadutsamo, ndipo mbali yonse imodzi ya nkhope imafooka: mphumi sichita makwinya, diso silitsekeka, mlomo umagwa. Manja ndi miyendo zimakhala bwinobwino. Odwala pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse amachira kotheratu m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo mwayi umakula akayamba kumwa prednisolone pasanathe maola 72. Diso losatsekekalo liyenera kutetezedwa ku fumbi ndi kuuma, chinthu chofunika kwambiri m'dera la fumbi ngati la Moatize. Mtsempha ukamachira, mlomo ungathe kumagwedera kapena kukokeka munthu akamaphethira. Matendawa amapezeka kawirikawiri mwa amayi oyembekezera ndi odwala shuga, ndipo nthawi zina amabwera munthu akangotenga kumene kachilombo ka HIV, n'chifukwa chake achipatala amalimbikitsa kuyezetsa magazi.

Achiwiri ndi sitiroko, amene kuno ambiri amawatcha trombose kapena AVC. Mtsempha wa magazi wa mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika. Kawirikawiri mbali ya m'munsi ya nkhope ndi imene imagwa, pamene mphumi imachitabe makwinya. Limodzi ndi zimenezo, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi umafooka, mawu samveka bwino, munthu amasokonezeka kapena kudzandira. Achibale angayese zinthu zitatu mofulumira: amuuze amwetulire, akweze manja onse awiri, anene chiganizo chachifupi. Chimodzi chokha chikalephereka, ulendo wa kuchipatala uyambike nthawi yomweyo, ndipo wina akumbukire ola limene zidayamba.

Vutoli si la anthu ochepa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2014 ndi 2015 adapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64 mu Mozambique, pafupifupi 39 mwa 100 aliwonse anali ndi matenda othamanga magazi, kuchoka pa 33 mwa 100 mu 2005, ndipo ambiri a iwo sankadziwa n'komwe. Matenda amenewa ndiwo gwero lalikulu la sitiroko, ndipo kuyezetsa tensão kumatenga mphindi zochepa. Kusiyanitsa matenda awiriwa ndi ntchito ya achipatala, osati ya pakhomo. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna: wobisala m'nyumba chifukwa cha nkhope yopotoka amataya maola amene akadamupulumutsa.

Mwana wa malungo ndi mayi woyembekezera

Kukomoka sikuti nthawi zonse kumagwedeza thupi lonse. Mwa ana odwala malungo aakulu, nthawi zina kumangooneka ngati kakona ka mlomo kakukokekakokeka, chala chimodzi chikugwedera, maso atembenukira mbali imodzi, malovu akutuluka, mwana osayankha akaitanidwa. Kholo lingaganize kuti mwana wagona. Mwana wotentha thupi amene akuchita zimenezi, kapena amene akulephera kuyamwa, kumwa kapena kukhala tsonga, akufunika chipatala msangamsanga, usiku kapena usana. Ngozi imeneyi imakula m'nyengo ya mvula ndi miyezi yotsatira.

Kwa mayi woyembekezera amene mimba yake yapitirira milungu 20, kapena amene wangobereka kumene, kugwedera kwa nkhope kuzungulira pakamwa kungakhale chiyambi cha kukomoka kobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Zizindikiro zimene zimatsogola ndi mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kupweteka pansi pa nthiti, ndi kutupa nkhope ndi manja. Apa pali miyoyo iwiri. Kuchipatala kuli jakisoni wa magnesium sulphate woletsa kukomokako, ndipo kuyezetsa tensão pa sikelo iliyonse kumathandiza kuligwira vutoli lisanafike pamenepo.

Khunyu nayo ingayambire pa mlomo kapena pa chala, n'kufalikira ku dzanja kapena thupi lonse. Chimodzi mwa zoyambitsa khunyu mwa akuluakulu ndi mazira a njoka za m'mimba za nkhumba, amene munthu amawameza ndi chakudya kapena madzi odetsedwa ndi chimbudzi cha munthu, n'kukasanduka timatuza mu ubongo. Ku Angónia, m'chigawo chomwe chino cha Tete, kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2010 adapeza kuti pafupifupi nkhumba imodzi mwa zitatu zimene zidayezedwa magazi inali ndi tizilomboti. Kugwiritsa ntchito chimbudzi, kusamba m'manja, kutsekera nkhumba m'khola ndi kuphika nyama mpaka kupsa ndiko kudula mzerewu. Khunyu sapatsirana pogwirana kapena kudzera m'malovu, ndipo mankhwala ake alipo. Munthu akakomoka agonekedwe cham'mbali kutali ndi moto ndi madzi, osamuika supuni kapena chala m'kamwa. Kukomoka kopitirira mphindi 5 kumafunika chipatala mwamsanga.

Kugwedera kosatha miyezi

Pali anthu ena amene kugwederako kumayambira m'chikope cha diso limodzi, pakapita miyezi kapena zaka n'kutsikira ku tsaya ndi mlomo wa mbali yomweyo, osaleka ngakhale ali m'tulo. Kawirikawiri chimakhala chili kamtsempha ka magazi kamene kakukhudza mtsempha wa kumaso pamene ukutuluka mu ubongo. Matendawa sapha, koma amachititsa manyazi ndipo amasokoneza kuwerenga ndi kuyendetsa galimoto. Thandizo lake ndi jakisoni wofooketsa minofu wobwerezedwa pakapita miyezi itatu kapena inayi, kapena opaleshoni, ndipo zimenezi zimachitika ndi madokotala a mitsempha.

Mwa okalamba, mlomo wa m'munsi ndi chibwano zonjenjemera munthu atangokhala, limodzi ndi dzanja lonjenjemera, kuyenda mwapang'onopang'ono ndi kuuma kwa thupi, zingakhale matenda a Parkinson, amene adafotokozedwa koyamba mu 1817 ku London. Sachizika, koma mankhwala amachepetsa zizindikiro kwa zaka zambiri. Mwa ana a sukulu, kukwinya mlomo kapena kuphethira mobwerezabwereza nthawi zambiri kumatha kokha akamakula, ndipo kuwakalipira kapena kuwamenya kumangowonjezera.

Pofika kuchipatala

Ngati mlomo ukungogwedera popanda china chilichonse, munthu ayambe wagona mokwanira, amwe madzi, achepetse khofi, zakumwa za m'zitini, mowa ndi fodya, ndipo aone kwa milungu iwiri. Zikapitirira pamenepo, zikamakula, kapena zikafalikira mbali zina za nkhope, apite kuchipatala chapafupi. Chifukwa kugwederako kumakonda kuleka munthu akangolowa m'chipinda cha dokotala, n'kwanzeru kujambula kavidiyo kachifupi pa foni. Atengenso mankhwala onse amene akumwa, a zitsamba omwe.

Koma nkhope ikapotoka, dzanja kapena mwendo ukafooka, mawu akasokonekera, nsagwada zikauma pambuyo pa chilonda, munthu akakhala kuti wakhudzana ndi mankhwala a m'munda kapena walumidwa, mwana akatentha thupi n'kusiya kuyankha, kapena mayi woyembekezera akayamba kugwedera nkhope, milungu iwiri ija sigwira ntchito. Kuchokera ku Benga, Hospital Provincial de Tete ili tsidya lina la mtsinje. Kuchokera ku Zóbuè ndi mtunda wa makilomita oposa 100, choncho a kumeneko ayambire pa chipatala chapafupi, kumene angalandire thandizo loyamba ndi kalata yowatumiza patsogolo. Galimoto isakidwe nthawi yomweyo, ndipo zokambirana za chimene chachititsa zidikire wodwala atafika m'manja mwa achipatala.